Mapiritsi a mng'ono wanga

Kwathu mwezi timauwerenga ndi mapiritsi. Mng'ono wanga ali ndi khunyu, matenda akugwa aja, ndipo m'kabotolo mukatsala khumi nyumba yonse imadziwa, ngakhale palibe amene amatchula.

Anayambira pa phenobarbitone, mankhwala akalekale amene madokotala a ku Germany anayamba kupatsa odwala khunyu mu 1912. Ndi otchipa, n'chifukwa chake amapezekapezeka. Kugwa kunachepa, koma tulo, abale! Mwana wa Folomu 2 kumawodzera m'kalasi mpaka kutchedwa waulesi. Adokotala anamusinthira ku carbamazepine, kenako sodium valproate, ndipo awa ndiwo anamuyanja. Zaka zitatu tsopano osagwa.

Koma awa si LA wa malungo woti masiku atatu mwathana nawo. Amangoletsa kugwako bola ukumwa tsiku ndi tsiku. Ukasiya mwadzidzidzi kumabwerera mwaukali, nthawi zina kosalekeza, mpaka kuthamangira ku Central usiku kukabayidwa diazepam. Ndiye mwezi umene pawindo atiuza kuti "atha, mukagule," ndimakwera minibasi ya ku Old Town n'kumayenda famase ndi famase, kufunsa mtengo ngati ndikugula tomato. Wa ku Area 10 kapena 43 amangoimika galimoto ku City Centre, kugula a miyezi itatu, basi. Ife timagula a sabata. Pamzere ndinakumana ndi mayi wina amene amadula piritsi la mwana wake pakati kuti afike pakutha pa mwezi. Amadziwa kuti n'zoopsa. Nanga atani?

Chaka chino nkhani yakula, chifukwa mtsikana wapeza mwamuna ndipo akukamba za chinkhoswe. Valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba, makamaka msana ndi ubongo. Carbamazepine nayenso amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono kaja. Anamwino anamulangiza kuti asayerekeze kusiya yekha, abwere akambirane zosintha mankhwala asanatenge pathupi, ndipo ngati n'kotheka abwere ndi mwamunayo.

Apa ndiye pavuta. Azakhali akuti, "Musawauze akuchimuna, athawa. Anthu amati zimapatsirana ndi malovu." Sizipatsirana, koma kodi malonje otero angayambe ndani kwa apongozi?

Mwini wake wati amuuza yekha Loweruka lino ku Botanic, kabotolo kali m'manja. Wandipempha ndikakhale chapatali, poti sindingamve koma ndizimuona.