Kalata kwa Naphiri, amuna ake atabwerako ku Congo

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Uthenga wako unandipeza, ndipo ndati ndikuyankhe pakalata kuti uziwerenga mobwereza mtima ukakhala pansi.

Choyamba tithokoze Mulungu kuti bambo a Chisomo abwera ndi moyo. Mu Januwale 2025, zigawenga za M23 zikulanda mzinda wa Goma ku Congo, asilikali athu atatu anafera komweko. Otsalawo anakhala miyezi m'misasa, adani atawazinga, bwalo la ndege lili lotseka, mpaka bungwe la SADC, limene linawatumiza kumeneko, linathetsa ntchito yawo mu Malichi, kenako iwo n'kutuluka pamsewu kudzera ku Rwanda kulowa ku Tanzania. Munthu amene wagona miyezi khutu lili kunja, kumvetsera kumene bomba ligwere, mantha samuchoka tsiku limene wavula jombo.

Ukuti sakuyankhula, usiku sagona, ukawakhudza amadzidzimuka, ndiye wayamba kuganiza kuti anasiya mkazi ku Congo. Chotsa maganizo amenewo mpaka utaona umboni. Zimene ukufotokozazo ndinaziona ndi maso angawa. Malemu amuna anga anali m'gulu limene linkalondera njanji ya ku Nacala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya RENAMO ili mkati. Atabwerako, bango likagwera pamalata usiku, ndinkawapeza ali chigonere pansi pa bedi, thukuta lili kamukamu, dzanja likufufuza mfuti imene kulibe. Kukacha ankachita manyazi, ndipo manyaziwo ankasanduka ukali. Pakudya ankasankha mpando woyang'ana kukhomo, kutchalitchi benchi ya kumbuyo. Nthawi imeneyo anthu ankangoti nkhondo yawazunguza mutu, ena n'kumati alodzedwa. Masiku ano madokotala amadziwa kuti ndi matenda a maganizo obwera munthu akaona zoopsa, ndipo amathandizika.

Tsono usiku uzichita chonchi. Akamabwebweta kutulo usawagwedeze, usawagwire paphewa. Dzuka, yatsa nyali, ima chapatali, uwaitane ndi dzina lawo mofatsa, uwauze kuti ali kunyumba. Kukacha usaifotokoze nkhaniyo kwa akazi anzako a m'malayini, chifukwa ikawabwerera kudzera kwa asilikali anzawo, sadzakuuzanso kanthu. Usawaumirize kuti anene zimene anaona. Amene amabwera n'kumafunsa kuti "Munapha angati?" uziwadula msanga, ngakhale akhale achimwene ako. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mukusenda chimanga kapena muli panjira adzayamba okha, mwina mawu awiri basi. Pamenepo ungomvetsera, osakuwa, osati n'kuthamangira kuti "Iwalani, zinapita." Kwa iwo sizinapite.

Iwenso dziwa kuti mkazi amene anamusiya si amene amupeza. Nthawi yonseyi fizi umalipira wekha, geni yako ya kaunjika yakula, mwana atadwala malungo usiku unathamanga naye wekha kuchipatala. Wazolowera kuganiza n'kuchita osafunsa munthu. Ine ndikukunyadira, ndipo sindikuti usiye geni kapena ubweze zonse m'manja mwawo. Koma mwamuna akaona kuti pakhomo pakuyenda bwino popanda iye, amakhala ngati mlendo woyembekeza kulozeredwa pokhala. Tenga kope lako la ndalama, mukhale pansi, uwaonetse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka. Apatse mbali yawo: kuperekeza Chisomo kusukulu, kukonza mpanda, kukaona munda. Wamng'onoyo akamabisala kuseri kwa chitenje chako usamukalipire kuti "Si bambo ako awa?" Anamusiya akukwawa. Musiye awazolowere yekha, ayambe n'kuwatengera madzi osamba m'manja.

Za ndalama za ku Congo ndinene mosabisa. Mudzi wonse ukudziwa kuti msilikali wabwera nazo. Abwera amalume ofuna malata, asuweni ofuna mpamba, anzawo a kumowa amene sanaimbepo foni n'kamodzi komwe. Kuthandiza abale n'kwabwino, makamaka apongozi ako amene anaonda ndi nkhawa chaka chino. Koma gwirizanani awiri musanatsegule chikwama: izi za puloti, izi za ana, izi za abale, ndipo za abalezo zikatha, zatha. Ndaonapo asilikali obwera ndi ndalama zomangira nyumba, pakutha pa chaka ali pa katapila. Ndalamazo anazipeza moyo uli pachiswe, zisathere pa mabotolo.

Mowa umenewo uuyang'anitsitse. Ambiri amayamba kumwa kuti apeze tulo, osati kuti asangalale. Ukaona kuti popanda botolo sagona, ukaona miyezi ikupita maloto osachepa, kapena ayamba kunena kuti bola akanafera komweko, usadikire. Mawu otsirizawo usawatenge ngati nthabwala ngakhale atanena akuseka. Yambira kwa abusa a asilikali kapena kuchipatala cha kubalaki. Chipatala cha matenda a maganizo chili ku Zomba komweko, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Asilikali amaopa kuti akapita kumeneko anzawo aziti ndi ofooka, mwinanso sakwezedwa udindo. Choncho usanene kuti "Mwapenga, tiyeni kuchipatala." Unene kuti nonse awiri simukugona, mukafunse thandizo limodzi. Ngati pali mnzawo amene anali naye ku Congo ndipo amamukhulupirira, mawu a ameneyo alowa msanga kuposa ako.

Za kuchipinda, musathamange. Mwatalikirana nthawi yaitali, pitani limodzi mukayezetse magazi. Uinene ngati nkhani ya nonse, osati mlandu wa mmodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikulola. Pachinkhoswe chako tinakuuza kuti banja ndi kupirira, koma sitinanene za zibakera. Nkhondo ingatifotokozere chifukwa chake munthu wakwiya msanga, koma siimupatsa ufulu wokumenya iwe kapena ana. Akadzangokweza dzanja, tenga ana utuluke usiku womwewo, uitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ngati zafika poopsa upite kupolisi, ku Victim Support Unit. Usaope kuti uwaonongera ntchito. Kubisa ndi kumene kumaononga munthu, chifukwa thandizo limabwera mochedwa.

Ndikamaliza kukolola mtedza ndibwera ndidzakhale nanu sabata imodzi, kuti ndidzakugwirire ana iwe upumeko. Pakadali pano undidziwitse ngati avomera zokaonana ndi abusa. Undiperekere moni kwa bambo a Chisomo, uwauze kuti tonse kuno tinkawapempherera.

Ndine azakhali ako,
Nangozo