Ntchito Yodyetsa Damu

Bakha wakutchire nthawi zambiri sadya pa madzi akuya. Amazika mutu, mchira n'kuloza kumwamba, ndipo chimene mlomo wake sunachifike pansi ndiye kuti chapita kwa milamba. N'chifukwa chake munthu wodyetsa damu amayamba ndi kuvula nsapato, kupinda thalauza ndi kulowa m'madzi, kufunafuna pamene madziwo alekeza m'akakolo kapena pansi pa bondo, pa matope olimba osamiza phazi. Pamenepo ndiye pa mbale. Ukathira chakudya patali pang'ono, wadyetsa nsomba. Ukathira pamtunda, wadyetsa nkhanga, njiwa, makoswe ndi apusi, abakha n'kupeza mankhusu okhaokha.

Ndimakhala ku Matero, koma ntchito ndimagwira pa famu ina ku Lusaka West, ukapatuka mu Mumbwa Road kulowera cha ku Mwembeshi. Pafamupo pali damu lothiririra mbewu, ndipo mbali yake ya kumtunda, kumene kuli bango ndi akakombo, ndiyo ili m'manja mwanga. Ndimaidyetsa kuti abakha akutchire azolowere kuterapo, kuti mwini famu ndi alendo ake okhala ndi ziphaso adzaombereko pang'ono m'chilimwe. Ine mfuti sindigwira. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi amalume anga, amene anachoka ku Katete ali mnyamata n'kukakalambira m'mafamu a ku Chisamba.

Mwana aliyense wokulira ku Matero, ku Lilanda kapena ku George anawamvapo abakha amenewa ngakhale sanawaone. Usiku amadutsa pamwamba pa malata akuimba likhweru la mawu atatu, ambiri akulunjika ku maiwe a zonyansa a cha ku Chunga. Amenewo ndi aja a nkhope yoyera, khosi lalitali, oima chilili ngati akudikira minibasi. Tili ana tinkawalondola ndi malegeni, koma akuluakulu ankatiletsa kudya mbalame ya pamadzi amenewo, ndipo ankanena zoona. Komabe maiwe aja amaphunzitsa chinthu chimodzi: bakha sasankha malo chifukwa cha kukongola. Amafuna chakudya chosavuta kufika, ndi poti agone popanda womudzidzimutsa.

Za chakudya, anthu ambiri amathamangira gaga poti ndi wotchipa ndipo amapezeka pa chigayo chilichonse. Gaga ndi wabwino kwa nkhuku ndi nkhumba, osati padamu. Amayandama, mphepo n'kumukankhira kutsidya, wotsala n'kusasa m'matope mpaka madzi kununkha. Chofunika ndi njere yomira msanga. Ine ndimakonda mapira, chifukwa ndi aang'ono ndipo bakha amataya nthawi yaitali akuwafufuza m'matope, osakhuta msanga n'kuuluka. Misere ya mpunga imachitanso bwino, ndiponso zosesa za tirigu zotsala pokolola cha mu Seputembala ndi Okutobala. Chimanga chosakonola chimaitana atsekwe, ndipo tsekwe akachuluka, makamaka aja ofiirira a mabanga m'maso, amalanda malo n'kupirikitsa abakha ang'onoang'ono. Choncho chimanga ndimathira chochepa, pakona yakeyake, kutali ndi mapira.

Mbewu yachuku sindiibweretsa pafupi ndi madzi, ngakhale atandipatsa ulere. Mu 2024 tonse tinamva za agalu amene anafa muno m'dziko atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choola. Chimene chapha galu sichingasiye bakha, komanso bakhayo akupita mumphika wa munthu.

Muyeso wake sauwerengera pa sikelo. Umathira madzulo, m'mawa n'kupita kukaona. Ngati pansi payera ndipo pamadzi pali nthenga zambiri, matope ali zidindo za mapazi zokhazokha, uwonjezeko pang'ono. Ngati njere zatsala, uchepetse tsiku lomwelo. Damu lokhuta kwambiri limaononga abakha khalidwe: amadziwa kuti chakudya sichitha, ndiye amabwera pakati pa usiku, nthawi imene palibe angawaone. Koma akadziwa kuti wochedwa apeza mbale yotsuka, amapikisana kufika dzuwa likangopendeka. Luso lonse lagona pamenepo, kuwasiya ndi kanjala pang'ono. Umamwaza motambasula, dzanja limodzi apa, lina uko, osaunjika mulu, kuti wamphamvu asatsekereze anzake. Nthawi ikhale yomweyo tsiku lililonse, njiwa zitayamba kupita kokagona, njira yolowera ikhale yomweyo, ngakhale jekete likhale lomwelo. Ndikatha ndimachoka osacheuka. Agalu, ana oweta ng'ombe ndi azimayi ochapa ndinawapempha kuti azigwiritsa ntchito mbali ya kukhoma la damu, ndipo amamva, poti nyama ikapezeka nawonso amalawako.

Abakha amenewa si a famu yathu. Kwawo kwenikweni ndi ku Kafue Flats, chidikha chachikulu chija cha pakati pa Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge, kumene kuli mapaki a Lochinvar ndi Blue Lagoon. Madzi akasefukira kumeneko chakumapeto kwa dzinja, chakudya chimakhala paliponse ndipo padamu langa pamatera ochepa. Akayamba kuphwa, ndipo madambo ang'onoang'ono akauma, mbalame zimayendayenda kufuna madzi otsala, ndiye nyengo yanga yayamba. Kuyambira pamene damu la Itezhi-Tezhi linamangidwa m'zaka za m'ma 1970, kusefukirako kumadaliranso mmene a magetsi atsegulira madzi, osati mvula yokha, kotero chaka china abakha amafika msanga, china mochedwa. Ine ndimayamba kuthira pang'onopang'ono mu Meyi kapena Juni, koma mfuti siilira mpaka patapita milungu yambiri mbalame zitakhazikika. Ndimayang'ananso mapiko. Bakha akatha kuswa amathothoka nthenga zonse zouluka nazo nthawi imodzi, n'kukhala milungu ingapo akubisala m'bango osatha kuuluka. Ndikaona otere padamu, ndimauza abwana kuti tidikire.

Tsiku loombera lisanafike ndimamanga zisakasa za bango, zofika m'chifuwa, ndipo ndimazimanga kale kwambiri kuti mbalame zizione ngati mbali ya gombe. Bakha amatera moyang'anana ndi mphepo. Kuno m'chilimwe mphepo imakonda kuchokera kum'mawa, choncho woombera amakhala mphepo ili kumsana kwake, mbalame zikubwera kumaso. Vuto n'lakuti madzulo dzuwa limakhalanso kumaso komweko, ndiye chisakasa umachipendeketsa pang'ono, kapena kuchiika pamthunzi wa mtengo. Ndimazika ndodo ziwiri kutsogolo kwa chisakasa chilichonse, ndipo mlendo ndimamuuza poyera kuti, "Bwana, mfuti yanu isapitirire ndodo izi. Uko kuli anzanu, uku kuli nyumba za antchito." Ndimamuuzanso kuti asaombere mbalame ili pamadzi, chifukwa zipolopolo za chifefe zimadumpha pamadzi n'kupita kumene sunazitume.

Mapepala amaonedwa galimoto isanafike n'kudamu komwe. Mfuti ikhale ndi laisensi yake, ndipo munthu akhale ndi chiphaso chosakira mbalame chochokera ku Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lawo lili ku Chilanga, omwe analowa m'malo mwa bungwe la ZAWA potsatira lamulo la nyama zakutchire la 2015. Kusaka mdima utagwa n'koletsedwa, ndiye nthawi yoombera ndi yochepa zedi. Ineyo ndimaichepetsanso. Ndimaimba wezulo kudakali mbuu, magulu omaliza asanafike, kuti amenewo adzatere pa damu la phee, adye, mawa adzabwerenso ndi anzawo. Alendo ena zimawawawa, poti nthawi imene ndikuwaletsayo ndi imene kumwamba kwadzaza mapiko. Wina anandiuzapo kuti, "Madala, tangoyamba kumene." Ndinamuyankha kuti, "Pepani bwana, mukawatha lero, mwezi wamawa mudzapeza achule okha." Pambuyo pake timatola mbalame zonse, yovulala timaisaka ndi galu mpaka ipezeke, timatola makatiriji, ine n'kuthira chakudya monga mwa masiku onse. Kenako damu limapuma milungu itatu kapena inayi. Damu loomberedwa mlungu uliwonse limafa, ngakhale utathiramo matumba angati.

Pali mbalame zimene sizikhudzidwa n'komwe: nkhwazi, akakowa, ndi timabakha tating'ono tobiriwira tokhala pa akakombo. Mlendo wosatha kusiyanitsa mbalame ikuuluka ndimakhala naye m'chisakasa, ndipo saombera ndisanamugwire paphewa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtovu. Katiriji imodzi imakhala ndi tizipolopolo tambirimbiri, ndipo tochuluka timagwera m'matope momwe muja ndimathiramo mapira. Bakha amameza timiyala tothandiza kupera chakudya m'nthutumba, ndipo satha kusiyanitsa kamwala ndi mtovu. Akameza, amawonda, mapiko amalendewera, n'kukafera m'bango mosaoneka. Potumbula ndimang'amba nthutumba iliyonse kuti ndione, ndipo ndinaupezamo. Ku America analetsa mtovu posaka abakha m'dziko lonse mu 1991, ndipo ku England analetsa mu 1999. Kuno makatiriji a chitsulo sapezeka wamba. Chimene ndingathe ine ndi kuika zisakasa moti zipolopolo zambiri zikagwere kumtunda kapena kumadzi akuya, kusuntha malo odyetsera chaka ndi chaka, ndi kuthira mchenga wa kumtsinje m'mphepete kuti mbalame zipeze timiyala tabwino.

Ku America komweko ntchito yangayi ndi mlandu: saloledwa kuombera abakha pamalo othiridwa chakudya, mpaka patapita masiku 10 chakudyacho chitachotsedwa. Ku Britain amadyetsa maiwe ndi balere ndipo ndi mwambo wakale. Ndikaganizira mbali ziwirizi, a ku America sindiwaona ngati olakwa. Chakudya chimasonkhanitsa mbalame za dera lonse pamalo amodzi, ndipo munthu wadyera akhoza kuzitha m'nyengo imodzi. Chimene chimalungamitsa kudyetsa ndi kudziletsa kwa woombera basi. Pakasowa chimenecho, kusiyana kwake ndi munthu woviika mpunga m'mankhwala a tomato n'kuumwaza padambo kumachepa. Anthu otere alipo, ndipo amapha chilichonse chotola njere, ndi nkhwazi yodya mitemboyo, nyama n'kukaigulitsa kwa anthu osadziwa kanthu. Bakha wakutchire wogulitsidwa m'njira, wopanda bala la chipolopolo, wochotsedwa kale zam'kati, musagule.

Chaka cha 2024 chinali china. Mvula inadula, ndipo pa 29 Febuluwale a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Magetsi ankazima maola ambiri, zigayo zikuima, ufa ukukwera mtengo. Ku Matero ndinkaona azimayi akugula pamela, kathumba ka ufa wa chakudya chimodzi chokha. Ndinapita kwa abwana n'kunena kuti, "Bwana, chaka chino sindingathire mapira m'madzi anthu akugona ndi njala." Anavomera, ndipo mapira amene tinasunga anagawira antchito. Abakha anabwerabe, ambirinso, poti madzi anali osowa paliponse, koma sitinaombere. Mbalame yothawira kwa iwe chifukwa cha ludzu siikhala nyama yosaka.

Panopa ndikuphunzitsa mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Zingalume. Iye mtima uli pa mfuti, monga achinyamata onse, ndiye amafunsa kawirikawiri kuti, "Amalume, nanga kuombera mudzandiphunzitsa liti?" Ndamupatsa kaye chidebe ndi chikwanje. Mvula ikayamba mu Novembala timaleka kudyetsa, poti abakha amabalalika kukamanga zisa m'udzu. Imeneyo ndiyo nthawi yophwasula zisakasa, kutsegula bango pamene latseka potera, kusiya lina lokwanira kubisalamo anapiye, ndi kukonza ngalande yotayira madzi kuti khoma lisagumuke mu Janyuwale.