Chikombole cha Njerwa

Anzake atapita kukadya, mtsikana uja anatsala yekha m'chipinda cha makompyuta. M'mawa mwake anayenera kupereka ntchito yake yoyamba ya C++, chinenero chimene Bjarne Stroustrup anayamba kuchikonza mu 1979.

Aphunzitsi anali atanena kuti class ili ngati chikombole: icho n'chimodzi, koma njerwa zotulukamo n'zambiri. Choncho iye anaumba class yotchedwa Circle, nasungamo radius, naikamonso member function dzina lake area() yowerengera kukula kwa bwalo. Atayesa radius ya 7, kompyuta inayankha kuti 147. Papepala iye anapeza 154.

Mtima unamusweka. Kumudzi ankamutama kuti ndi katswiri wa masamu, ndipo bambo ake anagulitsa mbuzi kuti iye afike pano. Anabwereza kanayi konse, osaganizako zokayikira makinawo.

Chinamutsegula maso n'chakuti C++ ikamagawa nambala zathunthu imataya zotsala. Kwa iyo 22/7 ndi 3 basi. Analemba 22.0/7 pamalo amodzi okha, m'kati mwa area(), ndipo mabwalo ake asanu onse analondola nthawi imodzi.

Mlonda anagogoda pazenera. "Achemwali, ndikufuna nditseke."