Mawu a Pasaka Anatuluka M'chikwama cha Katekisiti

M'zaka za m'ma 1970, pa tchalitchi chaching'ono cha kumudzi m'mphepete mwa minda ya tiyi ku Mulanje, Baibulo linali limodzi lokha, ndipo linkakhala m'chikwama cha a katekisiti. Wolemba nkhaniyi anakulira pa tchalitchi chotero. Bambo mfumu ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku parishi, choncho Lamulungu zambiri za nyengo ya Pasaka akhristu ankamva Mawu a Mulungu kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi. Bukulo linali Malembo Oyera, lomwe anamasulira Bambo Louis Villy ndipo linatuluka mu 1966. Abale a CCAP ku Mulanje Mission anali ndi lawo, Buku Lopatulika la mu 1922. Ankati Yehova, Akatolika nkumati Yahve, ndipo ana ankakangana pa njira ya kusukulu kuti dzina lenileni ndi liti.

Amayi ambiri sankatha kuwerenga, koma makutu awo sankataya kanthu. Nkhani ya Tomasi, yemwe anakana kukhulupirira asanaone mabala a Yesu, imawerengedwa chaka chilichonse Lamulungu lachiwiri la Pasaka. Agogo ake a mlembiyu ankaimva m'Chichewa m'mawa, madzulo nkuifotokoza yonse m'Chilomwe, chimanga chachiwisi chili pamoto. Sankamuweruza Tomasi. Ankati munthu amene waika maliro a mnzake sakhulupirira msanga, ndipo Ambuye anamumvetsa. Ulaliki woposa umenewo mdzukulu wawo sanaumvebe.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Dongosolo la mawerengo la zaka zitatu, lomwe Mpingo unakhazikitsa mu 1969, linazika mizu: m'nyengo ya Pasaka mawu oyamba amachokera m'buku la Ntchito za Atumwi, osati m'Chipangano Chakale. Miphakati itakhazikika, Baibulo linayamba kuyenda m'makomo, ndipo mtsikana wa Sitandade 7 ankatha kuimirira pakati pa akuluakulu nkuwerenga. Radio Maria itatsegulidwa ku Mangochi mu 1999, odwala ndi okalamba anayamba kumvera Misa ali pamphasa.

Chaka cha 1998 nchimene mlembiyu amachikumbukira kwambiri. Bungwe la Bible Society of Malawi linatulutsa Buku Loyera, lomwe Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira pamodzi m'Chichewa cha masiku onse. Dzina la Mulungu analilemba kuti Chauta. Ena sanakondwe nalo, ankati ndi dzina la kukachisi wa makolo. Mlembiyu analandira bukulo ndi manja awiri, chifukwa nkhani ya ophunzira awiri a pa njira ya ku Emausi inamveka ngati akuikamba anthu awiri otsika ku Chitakale. Mu 2019 Baibulo lathunthu la Chilomwe nalonso linatuluka. Agogo aja anali atatisiya kale. Zomwe ankamasulira pamtima tsopano zili m'buku.

Lero mawerengo a Lamulungu amafika pa WhatsApp tambala asanalire kachiwiri. Mu 2020, matenda a Covid-19 atachititsa boma kuchepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana, foni ndi wailesi ndizo zinanyamula Pasaka kukafikitsa m'nyumba. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo amene amalakalaka masiku a buku limodzi aiwala kuti anthu angati ankangoyang'ana chikuto chake. Koma mlembiyu ali ndi nkhawa yake. Mnyamata amawerenga yekha, atumizira anzake, basi zathera pomwepo. Ukamufunsa Lachitatu kuti Mthenga Wabwino unali wotani, amayamba wapisa m'thumba. Mawu achuluka, koma okhala pansi kuwatafuna pamodzi achepa, ndipo m'miphakati yambiri otsala ndi amayi okhaokha.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Mulanje. Midzi inakokoloka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu ochuluka anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Pasaka inafika pa 9 Epulo mabanja ambiri akugona m'misasa. Mabaibulo anali atapita ndi madzi, mafoni ambiri chimodzimodzi. Lamulungu lotsatira, pa 16 Epulo, mawu oyamba anali a m'mutu wachiwiri wa Ntchito za Atumwi, onena za akhristu oyamba omwe ankagulitsa katundu wawo nkugawana malinga ndi kusowa kwa aliyense. Kumene mlembiyu anapemphera tsikulo, munthu mmodzi anawerenga mokweza, ena onse ali tcheru. Itatha Misa, a mphakati wake sanabalalike. Anakhala pansi pa mtengo nkuyamba kulemba mayina: uyu apereka ufa, uyu bulangeti, uyu asunga ana awiri a malemu mpaka achibale apezeke.