Mbedza za ku Chawama pa Mtsinje wa Kafue

Loweruka m'mamawa, tambala asanatsike, amuna a m'makomboni a Chawama ndi Kanyama amakwera basi kulinga ku Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. M'manja mwao muli ndodo za nsungwi, ndipo m'zitini muli nyongolotsi zokumbidwa dzulo m'mbali mwa ngalande.

Mlendo angaseke zida zoterezi, popeza m'masitolo a m'tauni muli ndodo zonyezimira zokhala ndi kagudumu kokulungira cingwe. Komatu zambiri mwa izo anazipangira mcheni, nsomba ya mano akuthwa imene imadula cingwe ngati palibe waya pafupi ndi mbedza. Mcheni uli ku Kariba ndi m'Zambezi. Kumtunda kwa Kafue Gorge mulibe, cifukwa mathithi anautsekera njira kalekale. Wogula ndodo yotere kuti akawedze pa Kafue angotaya ndalama ya ufa.

Cimene madzi awa afuna ndi nsungwi youma bwino, yopindika osathyoka, cingwe copyapyala ca nailoni, ndi mbedza yaing'ono yoyenera kamwa la nsomba zonga cambo. Mlamba ndiwo ufuna mbedza yaikulu ndi kamtovu komiza nyambo pansi pa matope.

Kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Pamenepo nsungwi zimasomekedwa kudenga, ndipo ndiwo ku Chawama zimakhala cibwabwa.