Masiku Atatu pa Phiri la Mulanje

Kwa zaka pafupifupi 30 ndakhala ndikulemba pa bolodi kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi kuti m'dziko muno mulibe phiri lina loposa la Mulanje. Ana ambiri anakhoza mayeso ndi chiwerengero chimenechi. Koma tsiku lina tikudya nsima ya madzulo, mzime wathu, mnyamata wa zaka 11, anandifunsa nati, "Kodi abambo, inuyo munakwerako?" Ndinasowa choyankha. Tsono pa tchuthi cha mwezi wa August 2024 tinanyamuka tonse asanu, ine, mayi a kunyumba ndi ana atatu, titamanga ufa, usipa, mabulangete ndi mapoto awiri.

Kuchokera ku Limbe tinadzera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mpaka pa Chitakale, ndipo pamenepo tinapatukira msewu wa ku Phalombe kufikira pa Likhubula. Tinapeza mnyamata wotitsogolera, wa msinkhu wa mwana wathu wachisamba, ndi mnzake wotinyamulira katundu. Njira inatipititsa pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi ozizira ngati matalala amagwa kuchokera pathanthwe. Makolo ankapaopa pamalopa ndipo ankathirapo nsembe. Ine monga mkulu wa mpingo sindiopa mizimu, komabe ndinaona kuti ana anga, amene sakhala chete ngakhale m'tchalitchi, analeka phokoso popanda wowauza.

Chikweza chake, abale, sindichifotokoza motalika. Maondo a munthu wa zaka zopitirira 50 amachidziwa okha. Dzuwa litapendeka tinafika ku Chambe, kumene kuli nyumba yogonamo alendo, ndipo mlonda anatipatsa nkhuni ndi madzi.

Chimene ndinkafunitsitsa kuonetsa ana ndi mkungudza. M'nyumba mwathu muli bokosi la mkungudza limene tinalandira pa ukwati wathu. Chiswe sichinaliyandikire, ndipo mukalitsekula fungo lake likadalipo. Mtengo umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri ili lokha, ndipo mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Zonsezi ndinaphunzitsa. Koma pamene ndinapempha wotitsogolera kuti atisonyeze umodzi waukulu, iye anatilozera zitsa zakuda ndi moto. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Mbande zikubzalidwa ndithu, ndipo zina tinaziona, zolekeza m'chiuno mwa mzime wathu, koma mkungudza sufulumira kukula, pamene moto wa alenje a mbewa ndi akalulu umabwera chaka ndi chaka. Ndinaganiza za bokosi lija, ndipo sindinalitchule.

M'mawa mwake cholinga changa chinali choti tiyende kulowera ku Chisepo, kumene okwera Sapitwa amagona, kuti ngakhale tisakwere tiione nsongayo ndi maso. Tisanayende ola lathunthu, mphepo inatembenuka, ndipo nkhungu ya chiperoni inatikuta mwadzidzidzi ngati munthu wakuponyerani bulangete lonyowa. Wotitsogolera anaima nati, "Aphunzitsi, tibwerere." Kunena zoona, mawuwa sanandikomere. Ndazolowera kuti ndikayankhula m'kalasi kapena pa bwalo la akulu a mpingo anthu amamva, ndipo ndalama zaulendowu tinazisunga miyezi yambiri. Ndinamuuza kuti nkhungu ndi ya m'mawa chabe, ikanganuka posachedwa. Iye anayankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womutsogolera napita yekha ku Sapitwa, ndipo anakamupeza patapita masiku ambiri atafa ndi kuzizira.

Tikukangana chomwecho, mayi anafuula, "Abambo, mwana ali kuti?" Mzime uja anali atapatuka pang'ono kukadzithandiza. Tinamuitana, iye nayankha, koma mawu ake ankamveka ngati akuchokera mbali zonse. Ndinafuna kuthamangira kumene ndinkaganiza kuti ali, koma mnyamata uja anandigwira dzanja mwamphamvu, nauza mwanayo kuti akhale pansi pomwe alipo ndi kumaomba m'manja osaleka. Kenaka anapita yekha pang'onopang'ono. Mwina zinali mphindi zisanu zokha, koma sindinapempherepo ngati m'mene ndinapempherera pamenepo. Atabwera naye, mwanayo akunjenjemera, anandiuza monong'ona kuti kumene ine ndinkafuna kuthamangira kunali thanthwe loterera lotsetserekera kuphompho.

Tinabwerera ku Chambe titagwirana malaya, wamng'ono pakati, ine pambuyo penipeni. Tsiku lonse tinangokhala pamoto, tikuwotcha chimanga chimene mlonda anatigawira, ndipo nkhungu ija sinakanganuke mpaka usiku. Mayi sananene kanthu za mkangano uja, koma popakula nsima anayamba kupatsa wotitsogolera.

Tsiku lachitatu kunacha bwino, ndipo tinatsika. Sapitwa sitinamuone. Sukulu itatsekulidwa ndinalembanso mamita 3,002 pa bolodi, ndipo mtsikana wina wa kutsogolo, amene anali atamva za ulendo wathu, anakweza dzanja nafunsa ngati ndinafika pamwamba. Ndinamuyankha kuti iyayi, ndinabwezedwa panjira ndi mnyamata amene anasiyira sukulu mu Sitandade 6.