Pepala la zitumbuwa

...ndiye pa Msundwe paja, ndikudikira minibasi ya ku Namitete, ndagula zitumbuwa kwa mayi ena. Andikulungira m'pepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu. Kutsegula, si masamu ayi, ndi kankhani kopeka! Fisi wabwera pa maliro atavala jekete. Mafuta afufuta theka la mawu, ndipo pepalalo lathera pomwe fisi akupempha mfumu kuti alankhulepo. Mayi aja akuti lotsatira lake linapita ndi kasitomala wina.

Zandikumbutsa kutali. Nanenso ndinayambira kumapeto kwa kope, Sitandade 6, nditangomaliza kuwerenga Sikusinja ndi Gwenembe la a John Gwengwe, buku lobwereka lopanda chikuto. Aphunzitsi ankati ndikuwononga mapepala. Mpaka lero, imvi zili mbuu, sindigona ndisanalembeko kenakake. Nthondo la a Samuel Ntara linatuluka mu 1933, wolembayo ali mphunzitsi wamba, koma tikulitchulabe.

Pepala lija sindinataye, lili m'thumba, likununkhira nthochi.

Anzanga olemba, nkhani yanu yoyamba inathera kuti? Nanga fisiyu mukuganiza ananena chiyani pa maliropo?